Mjigo wina madzi okoma, wina amchere: yankho lili pansi pa nthaka

Ngati mumakhala kwa Katunga kapena m'midzi ina ya m'chigwa cha Shire, nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Mjigo wa pasukulu madzi ake ndi okoma, koma wa kuseri kwa tchalitchi, mtunda woti mwana akhoza kuthamanga osapumira, madzi ake ngowawa mchere. Sopo sachita thovu, nyemba zimakhala pamoto mpaka nkhuni kutha, tiyi naye sakoma ngakhale muthire shuga wochuluka bwanji. Anthu amanena zambiri. Ena amati okumba adachita chinyengo, ena amati pamalopo padali manda, ena mpaka amaloza munthu chala.

Ine nkhaniyi imandipeza m'chipinda choonera odwala. Tsiku lina mayi wina adabwera ndi mwana wa miyezi 14 amene adali atatsekula m'mimba katatu pa miyezi iwiri. Nditafunsa za madzi, mayiyo adati mjigo ali nawo pafupi ndi nyumba. Ndidatsala pang'ono kupitirira funsolo, koma agogo ake a mwanayo, amene adangokhala phee pakhomo, adalowererapo. "Adokotala, mjigowo ngotsukira mbale basi. Akumwa timakafukula mumchenga kumtsinje."

Pamapepala mudzi umenewo uli ndi madzi aukhondo. Mumtsuko wa m'nyumba muli madzi ena. Kuti timvetse chimene chikuthamangitsira amayi kumtsinje, kumene kuli kolera, likodzo ndi ng'ona, tiyenera kusuzumira pansi pa mapazi athu ndi kudziwa mitundu ya miyala ndi dothi zimene madzi a mjigo amagonamo.

Miyala yobadwira m'madzi

Akatswiri amagawa miyala yonse m'magulu atatu. Ina idachokera ku chiphalaphala chotentha chimene chidazizira n'kuuma, monga ya phiri la Mulanje. Ina ndi miyala yakale imene idasinthika kaamba ka kutentha ndi kupsinjika pansi pa nthaka, ndipo yambiri imene mumaiona m'mbali mwa msewu potsika zitunda kuchoka ku Blantyre kukafika pa Thabwa ndi yotere. Gulu lachitatu, limene tikambe lero, ana anu a sekondale amalidziwa ndi dzina loti sedimentary. Iyi ndi miyala yopangidwa ndi zinthu zimene zidadikha pansi, zambiri mwa izo m'madzi, n'kumasanjikizana kwa zaka zosawerengeka.

Mukhoza kudzionera nokha kunyumba. Tengani botolo loonekera mkati, thiranimo dothi la kudimba kufika pafupifupi theka, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, kenako liikeni pansi. Timiyala ndi mchenga zidikha mphindi imodzi isanathe. Dothi losalala ngati ufa litenga maola angapo. Dongo lenileni limatha tsiku kapena kuposa likadayandama, ndipo ndi limene limachititsa madzi kuoneka ofiirira. Mawa lake mupeza mizere itatu yosanjikizana, wokhakhala pansi, wosalala pamwamba.

Zimene zachitika m'botolomo ndi zomwe Shire, Mwanza ndi mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imachita chaka ndi chaka. Amene mudaona madzi osefukira a 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 kapena a Freddy mu 2023 mukukumbukira minda ina itakwiririka ndi mchenga, ina itakutidwa ndi matope. Umenewo udali mzere umodzi chabe. Mizere yotere ikaunjikana yambirimbiri, ya pansi imapsinjika ndi kulemera kwa ya pamwamba, madzi amafinyika n'kuchoka, ndipo michere ya m'madzimo imamata timchengato monga simenti imachitira. Pakutha pa zaka mamiliyoni, mchenga uja wasanduka mwala.

Ndinene pano kuti zambiri zimene zili pansi pa midzi ya kwa Katunga sizinafike pokhala mwala wolimba. Ndi mchenga, dongo ndi miyala yokokoloka imene idakali pa ulendowo. Koma kagawidwe kake n'kamodzimodzi, ndipo katswiri akatola kamwala kapena dothi lotuluka pokumba mjigo amafunsa mafunso awiri: kodi ichi chidafika bwanji pano, nanga chapangidwa ndi chiyani? Funso loyamba lili ndi mayankho atatu. Chidabwera ngati zidutswa, chidatsalira madzi atauma, kapena chidachokera ku zamoyo.

Zidutswa za miyala ina

Gulu lalikulu ndi la zidutswa. Dzuwa, mvula ndi mizu ya mitengo zimaphwanya miyala ya m'mapiri, madzi n'kukokolola zidutswazo. Pano mayina amatsata kukula kwa kachidutswa. Chilichonse choposa mamilimita 2 chili m'gulu la miyala yokokoloka, ndipo yotere ikamatana imapanga mwala wooneka ngati konkire, wotchedwa conglomerate. Mukaona kuti timiyalato ndi tobulungira ngati nsangalabwi, dziwani kuti tidayenda mtunda wautali tikugubuduzika mumtsinje. Tikakhala ta nsonga, sitidachokere patali, ndipo mwalawo dzina lake ndi breccia. Mchenga ukamatana umapanga sandstone, mwala wokhakhala umene ukhoza kunolerapo mpeni. Dongo ndi matope zikauma pansi pa katundu wolemera zimapanga mudstone, kapena shale ngati mwalawo ukusendeka mapalemapale.

Pa zaumoyo, kusiyana kwa mchenga ndi dongo ndi nkhani yaikulu. Pakati pa timchenga pali mipata yolumikizana, choncho madzi amadutsa mosavuta. Okumba mjigo akafika pa mzere wa mchenga wokhakhala amasangalala, chifukwa apo ndiye pali madzi ambiri, komanso madzi oyenda amene amasinthana ndi a mvula yatsopano. Dongo limamwa madzi ndithu koma limaumira, silitulutsa. Madzi a mudongo amakhala malo amodzi nthawi yaitali, ndipo madzi okhalitsa amasungunula chilichonse chimene agona nacho.

Tsono Shire sadayende njira imodzi chiyambire. Wakhala akusiya khwawa ili n'kukumba lina, ndipo mchenga wake udavutitsa ngakhale sitima za pamadzi zimene kale zinkakocheza kwa Katunga ndi katundu wopita ku Blantyre. Khwawa lililonse limene adalisiya lidatsala lodzaza mchenga, kenako matope adalikwirira. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo pansi pa nthaka mawuwa ngoona kwenikweni: madzi abwino amatsatabe makwawa okwiririkawo. Mjigo wa pasukulu uja mwina udagwera m'khwawa lakale la mchenga, pamene wa kuseri kwa tchalitchi udalowa mudongo la pambali pake. Pamwamba malo onsewa amaoneka chimodzimodzi.

Komatu mchenga uli ndi kuipa kwake. Njira imene imalola madzi kudutsa imalolanso zonyansa. Chimbudzi chokumbidwa pamchenga, pamalo pamene madzi a pansi ali pafupi, chimatha kutumiza tizilombo ku chitsime. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amaumirira kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30, chikhale cha kumunsi, ndipo pansi pa dzenje patsale mita imodzi ndi theka musanafike pa madzi. Pamchenga wokhakhala, kutalikitsa kuposa apo n'kwanzeru. Dzenje la pamchenga limafunanso kuwakira m'mbali, apo ayi mvula yoyamba ligumuka. Dothi la makande nalo lili ndi khalidwe lake: limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo ming'alu imeneyo imatha kulowetsa madzi akuda a pamwamba mphepete mwa simenti ya mjigo.

Nanga madzi ofukula mumchenga wa kumtsinje aja? Amaoneka oyera chifukwa mchenga wasefa matope. Koma mchenga wa chigongono chimodzi sungathe kugwira tizilombo tonse ta kolera kapena taifodi, makamaka pamene ng'ombe zikumwera pomwepo ndipo anthu akuchapa kumtunda. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, madzi ooneka oyera adanamiza mabanja ambiri.

Zotsalira madzi akauma

Gulu lachiwiri silibwera ngati zidutswa zooneka ndi maso. Limabwera litasungunuka. Mukaiwala poto wa madzi pamoto mpaka madzi kuphwa, pansi pamatsala zoyera. Madzi apita kumwamba ngati nthunzi, mchere watsala. Dzuwa la ku Chikwawa, limene mu Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, limachita zomwezo ndi madambo athunthu. Pamene madzi a pansi ali pafupi, amakwera pang'onopang'ono m'dothi n'kuuma, ndipo chaka chilichonse amasiya kamchere kena. Zoyera zimene mumaziona pamwamba pa nthaka m'chilimwe, pamalo pamene mbuzi ndi ng'ombe zimakonda kunyambita, ndi zimenezo.

Makolo a kuno ankaidziwa bwino nthaka yotere. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, amene adalemba za moyo wa anthu a m'chigwa chino, adafotokoza momwe amayi a Chimang'anja ankapalira dothi la mchere, kulitcheza ndi madzi, kuphika madziwo mpaka kutsala mchere, n'kumasinthanitsa ndi katundu wina. Mchere umene udali chuma cha agogo athu ndi womwewo ukutiwawira m'mijigo.

Apa funso lachiwiri lija, loti chapangidwa ndi chiyani, limakhala lofunika, chifukwa si zoyera zonse zimene zili mchere wa m'ndiwo. Pali mchere weniweni, umene ukaunjikana n'kukhala mwala umatchedwa halite. Pali gypsum, amene amalowa popanga simenti ndi choko, ndipo m'dziko muno amapezeka m'madambo a ku Mponela m'boma la Dowa. Palinso laimu kapena kuti njereza, amene nthawi zambiri amatuluka ngati timibulu toyera tolimba pokumba chimbudzi kapena chitsime. Kuti mudziwe ngati kamwala kali ndi laimu, kapereni pang'ono n'kudonthezera viniga kapena madzi a ndimu pa ufawo. Mukaona tithovu tikutuluka, ndi laimu. Mchenga wamba suchita kanthu.

Aliyense mwa atatuwa amasiya chizindikiro chake m'madzi. Laimu ndiye amapha thovu la sopo, amachedwetsa nyemba, ndipo amasiya zoyera zolimba m'ketulo. N'zotopetsa, koma madzi otere sadwalitsa munthu, ndipo sindikufuna kuti banja lisiye mjigo chifukwa cha sopo. Gypsum akachuluka, madzi amamveka kuwawa kwa mankhwala ndipo amatha kufewetsa m'mimba, makamaka kwa alendo ndi ana aang'ono. Mchere weniweni lilime limayamba kuumva ukafika pa mamiligalamu 200 mpaka 300 pa lita imodzi. Bungwe la World Health Organization limati madzi amene zosungunuka zake zonse pamodzi zapitirira mamiligalamu 1,000 pa lita amayamba kukanika kumweka.

Kodi mchere wa m'madzi umakweza kuthamanga kwa magazi? Bungwe lomweli limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi yosadzaza. Thupi silisiyanitsa mchere wa m'ndiwo ndi wa m'kapu. Munthu wolima padzuwa la kuno amamwa malita angapo pa tsiku, ndiye ngati lita iliyonse ili ndi mchere womveka pa lilime, gawo lina la muyeso uja limakhala latha kale asanadye n'komwe. Kafukufuku wa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Bangladesh adapeza mgwirizano pakati pa madzi akumwa amchere ndi kuthamanga kwa magazi, kuphatikizapo kwa amayi oyembekezera. Choncho mayi woyembekezera, munthu wa BP ndi wodwala impso ndiwo oyamba kuwapezera madzi a mjigo wokoma, ngakhale utalikire.

Ofufuza a ku University of Malawi amene adayeza madzi a m'mijigo ya m'chigwa chino adapeza kuti mcherewo sudafalikire mofanana. Uli m'zigambazigamba, kwambiri pamene dothi ndi losalala ndipo madzi sayenda. Adaloza ku michere yakale imene ikusungunuka, ku dzuwa limene likuumitsa madzi a pafupi ndi pamwamba, komanso ku madzi amchere ochokera ku miyala yakuya amene amakwera kudzera m'ming'alu ya nthaka. Mfundo yotsirizayi ikutiuza kuti kuno kukumba mozama si nthawi zonse kumene kumabweretsa madzi abwino. Pena mamita owonjezerawo ndi amene amakalowetsa mjigo m'mchere.

Cholakwika chimene ndimachimva kawirikawiri n'choti kuwiritsa kapena kuthira klorini kumachotsa mchere. Ayi. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma mchere umatsala, ndipo madzi akaphwerako mcherewo umachita kuwirikiza. Klorini nayenso ntchito yake ndi tizilombo basi.

Zotsalira za zamoyo

Gulu lachitatu silikhudza kwambiri mtsuko wanu, koma ndi lathu ndithu. Zomera za m'madambo akalekale zitafa n'kukwiririka pamalo popanda mpweya, sizidawole zonse. Zidapsinjika mpaka kusanduka malasha. Kumadzulo kwa chigwa chino, cha ku Lengwe ndi ku Mwabvi, kuli miyala ya m'gulu lotchedwa Karoo, imene malasha ake adapangika zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi a ku Moatize ku Tete, amene sitima zimadutsa nawo m'dziko muno kupita ku Nacala, ndi a banja lomwelo. Zigoba za nkhono ndi tizamoyo tina ta m'madzi nazo zikaunjikana zimapanga limestone. Apa muona kuti laimu ali m'magulu awiri: wina adatsalira madzi atauma, wina adachokera ku zigoba. Viniga amachita thovu pa onse awiri, ndiye chifukwa chake akatswiri safunsa funso limodzi lokha.

Miyala yosanjikizanayi ndiyonso imasunga mafupa a nyama zakale. Mukadzafika ku Karonga, kaoneni Malawisaurus m'nyumba yosungiramo zakale ya kumeneko. Mafupa ake adapezeka m'miyala ya mchenga ndi matope.

Chimene lilime silimva

Madzi okoma nawo akhoza kubisa kanthu. Fluoride alibe fungo, alibe mtundu, ndipo sawawa. Wochepa amalimbitsa mano, koma akapitirira miligalamu imodzi ndi theka pa lita, umene uli muyeso wa World Health Organization, amathimbiriritsa mano a ana amene akukula, kuyambira ali makanda mpaka zaka pafupifupi 8. Mano amayamba mawanga oyera ngati choko, kenako ofiirira. Akachulukitsa kwa zaka zambiri amafika poumitsa mafupa ndi mfundo. Vutoli lidapezeka m'madera ena a ku Nathenje, Machinga, Chikwawa ndi Nsanje. Gwero lake nthawi zambiri ndi miyala yakale ya pansi ndi madzi otentha a m'ming'alu, koma zidutswa za miyala yomweyo ndi zimene zadzaza chigwa chathu. Chodabwitsa n'choti madzi a laimu wambiri, omwe aja odana ndi sopo, kawirikawiri amakhala ndi fluoride wochepa, chifukwa laimu amamugwira.

Mukaona ana ambiri a mudzi umodzi ali ndi mano ofiirira, musawakalipire kuti satsuka mkamwa. Mswachi suchotsa zimenezo. Lembani chiwerengero chawo ndi mjigo umene amamwa, mukapereke kwa mlangizi wa zaumoyo kuti apemphe a ofesi ya zamadzi ya boma adzayeze madziwo.

Ndipatuke pang'ono pa nkhani ya dongo. Amayi ambiri oyembekezera amalakalaka dothi, ndipo ena amachita kugula pamsika. Chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Dongo limagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi, ndipo dothi lotola pansi likhoza kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba. Mayi wotere musamuseke. Mulimbikitseni akanene kusikelo kuti amuyeze magazi.

Okumba akabwera m'mudzi

Inu a komiti ya mjigo ndi odzipereka pa zaumoyo, ntchito yanu isayambe tsiku lotsegulira. Galimoto yokumba isanaime, auzeni akatswiriwo zimene mudzi ukudziwa: chitsime chakale chimene chidali chokoma, malo amene nthaka imayera m'chilimwe, pamene agogo amati mtsinje unkadutsa. Pokumba, amisiri amasanja pansi timilu ta dothi lotuluka pa kuya kosiyanasiyana. Pitani mukaone, mugwire ndi zala. Lokhakhala ndi mchenga, lomata ndi dongo. Funsani kuti madzi awapeza pa mamita angati, ndipo mapaipi oboola olowetsa madzi awaika pa mzere uti. Lawani madziwo asanamange simenti, ndipo pemphani kuti pepala la zotsatira za kuyeza madzi, kuphatikizapo mchere ndi fluoride, litsale m'buku la komiti. Pitirizani kulawa kawiri pa chaka, mu Malichi ndi mu Okutobala, n'kulemba, popeza mijigo ina imasintha ndi nyengo.

Pamene mjigo wamchere ulipo kale, musausiye kuti ufe. Madzi ake ngabwino kusamba, kuchapa, kutsuka mbale ndi kusamba m'manja pochoka kuchimbudzi, ndipo zimenezi zimachepetsa maulendo a kumtsinje. Akumwa akachokere ku mjigo wokoma, ku mpopi, kapena ku denga la malata nthawi ya dzinja, mutataya madzi a mvula yoyamba amene amatsuka fumbi ndi zitosi. Ngati palibiretu kwina koposa kumtsinje, kumbukirani botolo lija. Asiyeni madzi adikhe, tsanulirani oyera a pamwamba m'chidebe china kudzera pa nsalu yoyera, kenako thirani klorini pa muyeso umene alangizi adakupatsani ndipo dikirani mphindi 30. Mukathira m'madzi a matope, mphamvu ya klorini imathera pa matopewo tizilombo tisanafe.

Mwana wosakwana miyezi 6 asamwe madzi a mtundu uliwonse, bere lokha likukwanira. Mwana wotsekula m'mimba msungunulireni Thanzi ORS m'madzi otetezedwa amene alibe mchere, chifukwa paketiyo ili kale ndi mchere wake woyezedwa, koma musachedwe kuyamba kumumwetsa pamene mukuthamangira kuchipatala. Ndipo poyendera mabanja, musafunse kuti "muli ndi mjigo?" Pemphani akuonetseni mtsuko, ndipo mufunse kuti, "Mayi, madzi amene mwanayu wamwa lero mwatunga kuti?"